A Positi ndi Mphanje ya Kapolo

Loweruka lapitali chinakwana chaka chimwalirire a Positi, koma mpaka lero ndikamadutsa ku Girrawheen cha m'ma 11 koloko m'mawa, maso anga amathamangira pageti la nyumba ija. Nthawi imeneyo ndi imene ankaima pamenepo, malaya oyera atapisira, tayi wakuda pakhosi, nsapato zili waliwali, kudikira wapositi wa pa njinga yamoto. Abale inu, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi mphambu zisanu kumangira tayi bokosi la makalata! Tinkawaseka, ndipo wotsogolera kuseka ndinali ine. Lero ndimangolakalaka nditawapezanso ali chilili pompo, ndiwaseke kamodzi kokha, andiloze ndi chala chija n'kunena kuti, "Iwe Nangondo, ulibe mwambo."

Dzina lawo lenileni linali Wilisoni Threlfall. Eee, mwamva bwino. Mmalawi wakuda bii, wobadwira pakati pa minda ya tiyi ku Thyolo, koma dzina la makolo Threlfall. Ife Amalawi a kuno ku Perth lilime linkatikana, choncho tinangowapatsa lakuti a Positi, poti anagwira ntchito yosankha makalata zaka makumi atatu, kuyambira ku Limbe, kenaka ku Dedza, n'kudzapumira ku Lilongwe. Kuno anabwera mayi a kunyumba atamwalira. Anawaitana ndi mwana wawo Yamikani, mnyamata mmodzi yekhayo pakati pa ana aakazi anayi, yemwe ndi nesi pachipatala china ku Joondalup. Ine ndinawadziwira kwa mkazi wa Yamikani, Esinati, mnzanga wa kukwaya. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, ndipo mwina n'chifukwa chake ine ndi madalawa sitinachedwe kuzolowerana.

Anthu ambiri kuno amawakumbukira chifukwa cha maliro a gogo wachizungu, tsiku limene anatitengera tonse kumanda kukakwirira munthu amene sitinkamudziwa n'komwe. Ndifikako. Koma kuti mumvetse za tsiku limenelo, muyenera kuyamba mwaona kashelefu ka pakhonde.

Anakakhoma okha ndi matabwa otola, kokhala ndi timabowo titatu monga ta ku positi. Pansi pa kabowo kalikonse anamatapo kapepala kolembedwa ndi dzanja lawo lokongola lija: W. Threlfall, Y. Threlfall, E. Threlfall. Wapositi akangodutsa, ankatenga zonse za m'bokosi, n'kukhala pampando wawo wa pulasitiki, magalasi pamphuno, n'kuyamba kusankha. Makalata ake ati? Masiku ano amalemba kalata ndani? Zambiri zinali zotsatsa malonda, za pitsa ndi za anthu ogulitsa nyumba. Koma iwo ankazigwira ndi ulemu womwewo, ndipo tsiku lina Esinati atataya envelopu m'bini iwo asanaione, anakana chakudya cha masana. Uthenga wa pafoni ankaunyoza kwabasi. Ankati mawu amene sanayende mtunda, sanagone m'thumba, sananyowe ndi mvula, sakhala ndi kulemera, n'chifukwa chake ana a masiku ano amatukwanizana m'mawa, pofika madzulo aiwala.

Mkangano wawo woyamba ndi Yamikani unali wa kapinga. Kuseri kwa nyumba kunali kapinga wobiriwira amene mnyamatayo ankamunyadira, ndi zitsamba ziwiri zakale kumpanda. A Positi anabwera kuchokera ku Malawi ndi khasu lopanda mpini pansi pa sutikesi. Atangotha mwezi umodzi anasema mpini, n'kudikira ana apite ku shifiti. Pofika madzulo theka la kapinga linali litagadabuzika, zitsamba zili gone, mizu kumwamba.

Yamikani anangogwira m'mutu. "Ababa, kapinga ameneyu ndinachita kuitanitsa pa lole!"

"Umudye ndione," anatero iwo, akupukuta khasu.

Pansi pa kapingayo panali mchenga wokhawokha, woyera mbee, umene aliyense wa ku Perth amaudziwa. Tonse tinati palibe chimere pamenepo. Koma nkhakamira ya munthu uja! Manyowa a nkhosa, makoko a mbatata, masamba ogwa a kwa aneba, zonse ankakwirira. Chaka chachiwiri tinali pamzere kukapempha nkhwani, mpiru ndi bonongwe, ndipo ine woseka uja ndinali kutsogolo, jumbo ili m'manja. M'munda momwemo ndi mmene Esinati anadzawapeza atagwa m'mawa wina wa mwezi wa Ogasiti, khasu lili pambali.

Panali chinthu chimodzi chimene chinkawasowetsa mtendere. Anandiuza tsiku lina tikusadzula nkhwani pakhonde kuti pa zaka makumi atatu zonse zija, makalata osawerengeka atadutsa m'manja mwawo, sanaonepo ngakhale kamodzi dzina lawo pa envelopu ya munthu wina. A Banda ankadzaza thumba, a Phiri thumba, ngakhale azungu ena ankapezana awiri atatu a dzina limodzi. Thumba lochokera ku Mangalande likafika ankalipempha kuti alisankhe okha, mtima uli m'mwamba kuti mwina lero. Ayi ndithu.

Zimene ankadziwa za dzinalo zinali zochepa. Agogo awo aamuna, a Chikopa, a mfunda wa Mbewe, anali wogwetsa mitengo pa esiteti nthawi ya thangata, pamene azungu ankatsegula minda ya tiyi. Woyang'anira ntchito anali mzungu wina wotchedwa Threlfall, amene anangokhala zaka zochepa n'kubwerera kwawo. Tsiku la ubatizo, a Chikopa atafunsidwa dzina lachiwiri, anatchula la mzungu uja. Chifukwa chake palibe amene anawafunsa, ndipo anapita nacho kumanda. A Positi ankati dzina lililonse la kwathu ukalimva umadziwiratu zimene zinali m'nyumba tsiku lobadwa mwanayo, kaya Mavuto, kaya Limbani, kaya Tilimbike. Lawo lokha ndi limene linali lomata, ngati kalata imene munthu wakusungitsa n'kumwalira asanakuuze mwini wake.

Yamikani dzinalo ankadana nalo kuyambira ku pulaimale, kumene anzake ankamutcha mzungu wopserera. Kuno zinangopitirira. Akaitanidwa kokafunsidwa za ntchito, anthu ankayang'ana kumbuyo kwake kufuna a Threlfall eniake. Odwala ena ankamufunsa ngati anachita kuleredwa ndi azungu. Zimenezi bambo ake ankazidziwa, koma ankangoti munthu sataya nsapato chifukwa choti agalu akuiuwa.

Chaka chachitatu ali kuno, m'bokosi munayamba kufika makalata olembedwa kuti Y. Mbewe. A Positi anachita monga ntchito yawo inawaphunzitsira. Anatenga cholembera chofiira, n'kulemba mwaluso pa envelopu kuti Return to sender, pano palibe munthu wotere, n'kuyenda wapansi kukaiponya m'bokosi lofiira la kumashopu. Yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Anachita kundiuza monyadira kuti anyamata a masiku ano sadziwa kusankha, akungosocheretsa makalata a eni.

Zinaululika Lamulungu lina titachoka kutchalitchi, ine ndili pomwepo, mbale ili m'manja. Yamikani anali atadikira laisensi yake yatsopano ya galimoto milungu isanu ndi umodzi.

"Ababa," anatero osawayang'ana, "kodi sipanabwerepo kalata ya Mbewe pano?"

"Zinabwera zitatu. Ndinazibweza zonse."

"Munazibweza?"

"Nanga ndikanatani? Pano pali Mbewe?"

Esinati anaika supuni pansi. Yamikani anatembenukira kwa bambo ake.

"Mbewe ndine, ababa. Ndinasintha dzina ku boma, Esinati nayenso. Ndimafuna ndikuuzeni, koma ndimasowa poyambira."

Ine ndinasowa poyang'ana. A Positi anavula magalasi, kuwapukuta ndi tayi, n'kuwavalanso.

"Ndiye kuti ndi dzanja langali ndalemba katatu konse kuti mwana wanga pano palibe."

"Mbewe ndi mfunda wathu, ababa, sindinalitole m'njira. Linalo ndi la bwana. Agogo anangodindidwa ngati ng'ombe ya pa esiteti, ife n'kumanyadira chidindocho. Ndi dzina la ukapolo limenelo."

"Bambo anga anafa nalo. Mayi ako anakwatiwa nalo. Iwe sukulu unaphunzira nalo, ndege unakwera nalo. Lero lanunkha?"

"Chabwino, limatanthauza chiyani? Tandiuzani. Mwana wanga akadzandifunsa ndidzamuyankha chiyani?"

"Mwana wake uti?"

Kalanga ine! Mawu amenewo anawatuluka okha, ndipo ndinaona m'maso mwawo kuti akufuna kuwabweza, koma anali atapita kale. Esinati, amene anali atatha zaka zisanu ndi zitatu akupempherera mwana, kawiri konse akupita padera, ananyamuka n'kulowa kuchipinda. M'mawa mwake a Positi anagwada pakhomo la khitchini, munthu wamkulu ngati uja, n'kupepesa kwa mpongozi wawo mpaka onse awiri analira. Koma kwa Yamikani sanapepese, nayenso Yamikani sanapepese. Makalata a Mbewe sanawabwezenso, komanso m'kabowo ka Y. Threlfall sanawaikemo. Ankawasanjika pamwamba pa kashelefu n'kuwatsindika ndi mwala.

Kuyambira pamenepo anafooka. Pageti ankaimabe, tayi ankamangabe, koma nthabwala zinachepa. Anandiuza kuti alongo ake a Yamikani anatenga mayina a amuna awo, azibale awo aamuna anatha kumwalira, ndiye iwo akadzangotseka maso, dzina lija lidzatsekeredwa nawo m'bokosi limodzi, osadziwa n'komwe kuti ananyamula chiyani moyo wawo wonse. Ndinawauza kuti asamaganize kwambiri. Anandiyankha kuti amenewo ndi mawu a pafoni.

Patatha miyezi ingapo, kuntchito kwathu anandisamutsira mbali ina ya nyumba ya okalamba. Tsiku lachiwiri ndikukankha tolole ya tiyi ndi makalata, ndinatenga envelopu yoyera kuti ndione chipinda chake. Miss E. Threlfall. Tiyi anatsala pang'ono kutayika.

Anali gogo Edith, wa zaka makumi asanu ndi anayi ndi chimodzi, woonda, wa maso akuthwa ndi pakamwa pakuthwa kuposa maso. Anabwera ku Australia pa sitima ya pamadzi ali kamtsikana, sanakwatiwepo, ndipo anzanga anandiuza kuti chilowereni m'nyumbamo sanalandirepo mlendo. Lamulo la ntchito yathu sililola kukamba za anthu amene timawasamalira, choncho ndinadzigwira sabata yathunthu, pakamwa pakundiyabwa. Kenaka ndinawafotokozera gogowo zonse, n'kupempha chilolezo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena m'Chingerezi chawo chakale kuti, "Mubweretse. Ndione ngati ali ndi mphuno ya bambo anga."

A Positi anabwera Lachitatu, pa basi ndi pa sitima, atavala suti imene anakwatira nayo Yamikani. Kwathu kwa mbale supita chimanjamanja, ndiye poti nkhuku yamoyo sakanaloledwa nayo, ananyamula dzungu lalikulu la m'munda mwawo atalikulunga m'chitenje cha malemu akazi awo. Atalowa anakana mpando. Ananjuta pakhomo, kuwomba m'manja katatu, n'kunena kuti, "Tabwera, achemwali." Gogo Edith anayang'ana dzungu, kuyang'ana munthu, n'kundifunsa ine kuti dzungulo aliphikira kuti m'chipinda chopanda mbaula.

Anacheza m'Chingerezi, ine ndikunamizira kukonza makatani. A Positi anafotokoza za a Chikopa, za tiyi, za mzungu woyang'anira ntchito uja. Gogoyo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kupukusa mutu. Anati sanganame pofuna kuwasangalatsa: m'banja lawo sanamvepo za munthu amene anapita ku Africa, ndipo mphuno ya bambo ake palibepo. Ndinaona mapewa a a Positi akugwa. Anafunsa mwapansipansi ngati mwina akudziwako tanthauzo la dzinalo.

Gogo Edith anaseka kaphwete kouma. Anati akulidziwa, ndipo mayi ake ankaletsa kulitchula alendo akabwera. Kumpoto kwa Mangalande, dera lotchedwa Lancashire, kuli kamalo kakang'ono ka dzina limeneli. Kalekale kunafika anthu a ngalawa ochokera kutsidya kwa nyanja ndi chilankhulo chawo. M'chilankhulo chimenecho, mbali yoyamba ya dzinali ndi kapolo, yachiwiri ndi malo amene munthu wagwetsapo mitengo kuti alimepo. Munthu wina wopanda ufulu, amene dzina lake palibe analisunga, anagwetsa nkhalango pamenepo, malowo n'kutchedwa ndi ntchito yake, ndipo onse amene anadzakhalapo pambuyo pake anatenga dzina la malowo.

A Positi anatembenukira kwa ine, n'kunena m'Chichewa, "Nangondo, wamva? Mphanje. Mphanje ya kapolo."

Ndinaopa kuti akomoka, poti awa anali mawu a Yamikani omwe aja atabwera ndi umboni. Koma anayamba kuseka. Anaseka mpaka misozi, mpaka gogo Edith anayamba kuseka nawo osadziwa chimene akuseka. Atapuma anapempha kuti agwireko envelopu ija. Anaigwira ndi manja awiri, kuitembenuza, kuyang'ana sitampu, n'kuyendetsa chala pansi pa dzina lija pang'onopang'ono. Sanaibweze msanga.

Kuchokera tsiku limenelo Lachitatu lililonse anali kumeneko. Ankakangana ngati anabadwa bere limodzi: za tiyi woika mkaka poyamba kapena pambuyo, za zenera lotsegula, za Mulungu, poti gogo Edith ankati iye ndi Mulungu anasiyana bwinobwino osatukwanizana. Dzungu lija ophika kukhitchini anapanga supu, ndipo gogoyo anati inalibe mchere, koma anamaliza mbale yonse. Ine ndinkawaumiriza a Positi kuti amuuze Yamikani zimene anamva. Ankakana. Ankati nkhani yotere siyokambira pakhomo la bafa munthu akuthamangira shifiti, ndipo sangapite kwa mwana wawo chipewa chili m'manja. Makani a anthu a m'nyumba imeneyo, ndikuuzani, ndi otengera.

Gogo Edith anamwalira mwezi wa Meyi, mvula itangoyamba. Abwana athu anatiuza kuti zonse anakonzeratu yekha: adzaikidwa pafupi ndi makolo ake, padzakhala m'busa, loya wake, ndi aliyense wa ife amene adzakhale pa ofu. Nditawauza a Positi, anandifunsa kawiri kuti anthu angati. Ndinati mwina anayi.

"Anayi? Akukataya galu?" Anaimirira. "Mwini maliro ndine."

Munthu wonyoza foni uja anandilanda yanga, n'kulankhula yekha pa gulu lathu la kutchalitchi. Anati mlongo wawo wamwalira, maliro ndi Lachisanu, ndipo maliro n'kulirana. Sanafotokoze zambiri. Amalawi sitifunsa kuti mlongo wake uti. Anthu anasinthana mashifiti, ena anachokera ku Ellenbrook, anzathu a ku Zambia nawonso anabwera. M'busa wachizungu atafika kumanda ndi kabuku kake, anapeza amayi a zitenje ndi mipango atazungulira dzenje, amuna ali kumbuyo manja kumsana, kwaya itayamba kale. Anayang'ana pepala lake, n'kufunsa loya ngati sanasochere manda. Ena mwa athu nawonso, ataona chithunzi cha malemu pabokosi, anayamba kugundana zigongono, koma nyimbo sinaduke.

Bokosi litatsitsidwa, m'busa anati mwambo watha, tikhoza kumapita. Chapatali panali kathirakitala kakang'ono ndi amuna awiri a zovala zowala, akudikira kuti tichoke akwirire. A Positi anapita kwa iwo, n'kuwauza mwaulemu kuti kwathu munthu amene ali ndi abale sakwiriridwa ndi makina, ndipo sitichoka pamanda dzenje lili kukamwa. Anapempha mafosholo. Amuna aja anayang'anizana, wina anaimba foni, kenaka anabwera ndi mafosholo anayi.

Asanayambe, a Positi anaima kumutu kwa manda monga woimira banja. Yamikani anali kumbuyo kwenikweni pafupi ndi mtengo, atavala yunifomu, poti Esinati anachita kumukoka. A Positi analankhula m'Chichewa, mawu osanjenjemera.

"Ife a banja la Threlfall tathokoza kuti mwabwera. Tinalipo awiri, lero ndatsala ndekha. Amene agona apawa si magazi anga, anandiuza okha, poti sankadziwa kunama. Koma ndi amene ananditsegulira kalata imene ndinaisunga moyo wanga wonse. Mwana wanga anandiuza kuti dzina lathu ndi la ukapolo. Ine ndinakwiya. Lero ndikuvomera pamaso panu kuti sananame. Tanthauzo lake ndi mphanje ya kapolo. Woyamba kukhala nalo sanali bwana ayi. Anali munthu wa matuza m'manja, wogwetsa mitengo ya eni, ngati agogo anga a Chikopa. Mzungu uja anangoyenda nalo, n'kudzalitula kwa mwini ntchito. Kaya agogo ankadziwa, kaya sankadziwa, kalata inafika pakhomo loyenera. Ine sindiibweza."

Anatenga fosholo n'kuyamba kuponya mchenga. Anaponya kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kenaka mpweya unawathera, anatsamira mpini. Ndisanasunthe n'komwe, ndinaona Yamikani akudutsa pakati pa amayi. Anangogwira fosholo ija, bambo ake n'kuisiya, ndipo anakwirira osapumira, osapatsako mnzake monga amachitira adzukulu, yunifomu yonse ili mchenga, mpaka mtumbira unakwera. Amayi tinayala maluwa. Loya uja, munthu amene anabwera akuyang'ana wotchi, ndinamuona akupukuta m'maso.

Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti madzulo ake anakhala pansi n'kumvana, koma ndinama. Ankalankhulana bwino kuposa kale, inde. Yamikani anagulanso matumba awiri a manyowa osatumidwa. Koma za dzina palibe anaziyambanso, ndipo makalata a Mbewe anakhalabe pamwamba, pansi pa mwala. Aliyense ankadikira kuti ayambe ndi mnzake, ngati kuti masiku anali awo.

Miyezi itatu yokha. A Positi atagwa m'munda muja sanalankhulenso, ndipo anamwalira tsiku lachiwiri m'chipatala, Yamikani atawagwira dzanja. Thupi tinalitumiza ku Thyolo, kukagona pafupi ndi akazi awo. Chimene chimandiwawa mpaka lero, chimene chimandiliza ndikamatsuka mbale ndekha, ndi ichi: Esinati anali ndi pathupi pa miyezi itatu. Chifukwa cha zija zinachitika kawiri zija anaopa kulengeza msanga, ndipo anapangana kuti awauze Lamulungu la sabata yomweyo tikachoka kutchalitchi. A Positi anagwa Lachinayi. Anapita akudziwa kuti atsala okha.

Loweruka lija tinasonkhana kunyumbako, kupemphera ndi kumwa tiyi. Anthu atayamba kubalalika ndinazungulira kuseri. Munda ulipo, koma kapinga wayamba kulowerera kuchokera kumpanda, ndipo bonongwe wangodzimerera yekha pamene wafuna. Yamikani amayesa akakhala pa ofu, koma mizere yake ndi yokhota, madala akanamuseka. Khasu lili pakona, mpini wake wakuda pamene pankagwira manja.

Pakhonde mpando wa pulasitiki uli pomwe unali, wayera ndi dzuwa, palibe amakhalapo. Kashelefu kaja sanakachotse. Mapepala a Yamikani akadali a Mbewe, akuti kusintha kawiri n'chintchito, ndipo makalata ake amawasanjikabe yekha pamwamba, n'kubwezerapo mwala. Timabowo tiwiri tili mbee. M'kabowo ka W. Threlfall mokha ndi mmene muli envelopu imodzi, yotsegulidwa bwinobwino ndi mpeni m'mbali, monga ankatsegulira mwini wake. Esinati anandipeza ndikuiyang'ana, mwana ali kumsana, n'kundiuza kuti inabwera mwezi wa Malichi, ndi ya ku boma, munali chikalata cha kubadwa cha mwanayo. Anati tsiku limenelo Yamikani anaima yekha pageti kuyambira 10 koloko.

Ndinaitulutsa ndi manja awiri. Tadala Threlfall. Ndinayendetsa chala pansi pa dzinalo, ndinaibwezera m'kabowo, n'kukhala pansi pasimenti pafupi ndi mpando uja. Kumsewu kunadutsa njinga yamoto, osaima.